Kandimu Katsala Kuno, Iwe Tenga ka Batire

Filomena mwana wanga,

Ndakhala pa benchi kuseri kwa uvuni. Mtanda wa mawa ndaukanda kale, ukufufuma m'beseni, ndipo dzuwa lapendekera ku Mulanje. Iwe wapita kukatsanzika kwa azakhali ako, amayi ako akusita zovala zako pakhonde. Ndaganiza zolemba chifukwa ine ndi iwe tikayamba nkhani imeneyi pakamwa timathera pa nkhuni ndi ufa.

Mawa ukupita ku Mocuba kukayamba ntchito pa padariya, nyumba yophikira buledi, ya mayi aja anakuitana. Anati akuyesa kaye mwezi umodzi, akakhutira akulemba. Mayiwo anaona ntchito ya manja ako pa ukwati uja tinaphikira ku Mongue, ndipo anaikonda. Chimene sakudziwa ndi chakuti khutu lako lamanzere silimva chiyambire malungo aja unadwala uli wamng'ono, ndiponso kuti lamanja limamva za pafupi zokha. Iwe wasankha kusawauza.

Dzulo unandipempha kandimu, kawotchi kathu kachikasu kopotokola, kooneka ngati ndimu, kamene belu lake limalira pawu, buledi wathu uja, akapsa. Unati, "Bambo, kandimu ndikatenge ine. Inu pawu mumamudziwa ndi mphuno." Ine ndinangopitiriza kupala mathireyi. Yankho lake ndi ili: kandimu katsala kuno. M'thumba la m'mbali la chikwama chako ndaikamo kawotchi kena, ka batire, koonetsa manambala. Sikuti ndakumana. Werenga mpaka kumapeto, kenako uweruze wekha.

Kuphika pawu ndinaphunzira ku kampu ya othawa kwawo, tsidya lina la mtsinje wa Ruo, nthawi ya nkhondo. Anandiphunzitsa ndi a Sozinyo, bambo wachilomwe wa ku Majaua amene ankaphikira masitolo nkhondo isanayambe. Uvuni wawo unali wa dothi la pachulu, chitseko chake chidutswa cha mgolo. Wotchi analibe. Akalowetsa pawu ankayimba nyimbo ya kutchalitchi m'Chilomwe, ndime zake zonse, kubwereza, ndipo ikatha ankatsegula. Pawu ankatuluka wofiirira bwino tsiku lililonse. Ine ndinaloweza nyimboyo, ndipo tsiku limene anandisiyira uvuni ndinayimba mosaphonya liwu. Koma m'mawa umenewo amayi ako, adakali mtsikana, anali pa mzere wa madzi chapafupi, ndipo ndinkafuna kukafika asanatunge. Nyimbo inathamanga ine osadziwa. A Sozinyo atabwera ananyema pawu mmodzi, m'kati muli phala, nandifunsa ngati ndamuphika kapena ndangopita naye kukalonjera moto. Anthu amene anali pomwepo anaseka, ndipo dzina lakuti Wolonjera linandikakamira mpaka tinabwerera kwathu. Chimene ndinatolapo ndi ichi: nthawi ya m'mutu mwa munthu imatsata mtima wake. Ukakondwa imathamanga, ukakhumudwa imakwawa. A Sozinyo nyimbo inkawathandiza chifukwa mtima wawo unali utakhazikika kalekale. Iwe mwezi woyamba ku Mocuba mtima wako sudzakhazikika, choncho usadzayeze pawu ndi m'mutu.

Titabwerera kuno ku Milange ndinamanga uvuni wangawanga, ndipo ndinkayeza nthawi ndi mthunzi wa nsanamira ya khonde. Ndinakhoma timiyala pansi, mthunzi ukachoka pa kamwala aka kufika pa ako, ndinkatsegula. Zinkayenda bwino mpaka chiperoni atatsika ku phiri la Tumbine. Nkhungu ikakuta mudzi mthunzi kulibe, ndipo sabata imeneyo pawu wanga ankatuluka lero woyera, mawa wakuda. Amayi ako anati tizigulitsa mitundu iwiri, wa amoyo ndi wa maliro.

Kandimu ndinakapeza ku Limbuli iwe usanabadwe, pa mphasa ya munthu wogulitsa ziwiya zakale. Mwiniwakeyo ankayesa chidole cha ana. Nditakapotokola n'kumva kakuti tiki tiki ndinadziwa kuti ndapeza mthunzi wosaopa nkhungu. Koma sabata yoyamba yomwe kanandichititsa manyazi. Banja lina linaitanitsa timakeke ta ubatizo, timene timapsa msanga, ndipo ine ndinapotokola kandimu pang'ono pokha, kufika pa mphindi zimene ndinkafuna, n'kupita kukawaza nkhuni. Nthawi itakwana belu anangotsokomola kamodzi, khe, osamveka ngakhale pakhomo. Chimene chinandiitana ndi utsi. Wokonza mawotchi wa pa malire ndiye anandifotokozera pambuyo pake kuti belu amatenga mphamvu pa kupotokola komweko. Uyenera kukazunguza mpaka kumapeto kaye, kenako n'kubwerera pa mphindi zimene ukufuna. Ukakapatsa pang'ono, nakonso kamakupatsa pang'ono. Iwe zimenezi unazidziwa usanadziwe kuwerenga, chifukwa unkandiona ndikuchita, koma mwina sunadziwe kuti zinandidyera timakeke ta ubatizo.

Sindikana kuti kandimu ndi kabwino. Sikafuna batire. Kagwerapo m'beseni la mtanda, kanyowapo ndi mvula denga litasasuka, ndipo kakuyendabe. Ukhoza kukapotokola ndi manja a ufa, ngakhale a mafuta. Kakamayenda kamamveka, ndiye munthu amadziwa kuti m'uvuni muli kanthu ngakhale atayang'ana kwina. Masiku ano kakalamba, kamafulumira pang'ono, koma ine ndinazolowera kufulumira kwake monga mmene munthu amazolowera njinga yokhota chiwongolero. Ukanakhala mwana wina ndikanakakulunga m'nsalu n'kukupatsa osalemba kalata.

Koma kali ndi khalidwe limodzi. Kamalira kamodzi, kanthawi kopuma mpweya umodzi, n'kukhala chete. Kali ngati mlendo amene amati odi kamodzi pa chipata, akapanda kuyankhidwa n'kubwerera. Amene anakapanga ankaganizira munthu wa makutu awiri, woima pafupi, m'khitchini mwa zii. Ku padariya ya m'tauni kumakhala makina okandira mtanda, wailesi, mathireyi kugundana, ogula kuitana pa windo. Sunga mawu amenewa, ndibwereranso kwa iwo.

Ka batire nakonso ndinakhalapo nako, zaka zingapo zapitazo, ndipo ndinakapha ndekha. Kumbuyo kwake kunali maginito, ndiye ndinaona chanzeru kukamata pa chitseko chachitsulo cha uvuni kuti ndizikaona bwino. Pofika masana galasi lake linali bii, manambala osaonekanso, pulasitiki itapindika. Choncho kumbukira: ka batire sikagwirizana ndi moto. Usakamate pa uvuni, usakasiye pamwamba pake, ngakhale anzako a kumeneko atamachita zimenezo.

Ndinagulanso kena, ndipo kameneko kanandiphunzitsa china. Kanafa m'mawa wa tsiku limene anthu amaitanitsa pawu wa Khirisimasi. Ndinadina, n'kutembenuka kukakanda mtanda wina, ndikudikira kulira kumene sikunabwere. Batire linali litatha. Kandimu kakaima umadziwa, chifukwa tiki tiki uja akasowa khutu limafunsa lokha. Ka batire kamafa osatsanzika. Ndipo batire lake linali laling'ono ngati batani la shati, limene ndinalifuna m'masitolo onse a m'tauni muno osalipeza, mpaka ndinachita kutuma wamalonda wina wowoloka malire. Ndiye pali zinthu ziwiri. Ukadina, usatembenuke usanaone ndi maso ako kuti manambala ayamba kutsika. Ndiponso uzikhala ndi batire lina nthawi zonse. Kamene ndakugulirako ndasankha kogwiritsa ntchito mabatire wamba a tochi yaing'ono, opezeka pa kantini iliyonse, ndipo ndaikamo ena apadera m'kapepala ka pulasitiki. Ukagwiritsa ntchito amenewo, ugule ena tsiku lomwelo, osadikira kuti athe.

Ufa ndi mdani wake winanso. Umalowa m'mphepete mwa mabatani, ukakumana ndi chinyezi n'kuuma ngati simenti. Pukuta chala usanadine, kapena dina ndi mfundo ya chala. Madzulo uzikapukuta ndi kansalu kouma, osati konyowa.

Ndikudziwa kuti unena kuti foni nayo ili ndi kawotchi. Ili nako ndithu. Koma foni ili ndi zambiri zokuuza, ndipo pawu ndi chimodzi chabe mwa izo. Ukaitulutsa kuti uone mphindi upeza uthenga wa mnzako, ndipo mwini padariya akadzakuona foni ili m'manja sadzafunsa chimene ukuyang'anapo. Foni izikhala m'chikwama mpaka poweruka.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika pa benchi pano.

Pakhomo pano aliyense amadziwa kuti kandimu kakalira woyamba kufika pa uvuni ndiwe. Amayi ako amanyadira zimenezi pamaso pa alendo, amati mwana wawo khutu limodzi lomwelo limaposa awiri a bambo ake. Inenso ndinkakhulupirira choncho. Koma chaka chatha ndinayamba kuona kanthu kena. Unkanyamuka belu asanalire, kamphindi kochepa chabe, koma asanalire. Ndinadzifunsa kuti ukudziwa bwanji. Ndinakuyang'anitsitsa masiku angapo, ndipo ndinapeza kuti suyang'ana kandimu, suyang'ananso uvuni. Umayang'ana ine. Kandimu kakatsala pang'ono kulira, kulira kwake kwa tiki tiki kumasintha, kumakhala ngati kukupepuka. Ine ndikamva zimenezo ndimaika pansi chimene ndagwira n'kupukuta manja pa epuloni, kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndimatero. Iwe unaziona uli mwana, ndipo kuyambira pamenepo belu wako ndi manja anga.

Sabata yatha ndinafuna kutsimikiza. Unali pa tebulo ukuumba timapawu, kandimu kali pa shelefu kumanzere kwako monga mwa masiku onse. Nditamva kuti katsala pang'ono ndinapitiriza kusefa ufa, manja osawachotsa pa sefa. Belu analira. Nkhuku imene inali pakhomo inadzidzimuka n'kuthawa. Iwe unapitiriza kuumba, ukung'ung'udza kanyimbo. Unandiyang'ana kamodzi, n'kuona kuti ndikusefabe, n'kubwerera ku mtanda wako. Ndinapitiriza kusefa mpaka fungo linakufika. Unathamanga, unatsegula, ndipo thireyi yonse inali itada pansi. Unati nkhuni za bulugamu zimenezi zikuyaka mopitirira, tisadzagulenso kwa munthu ameneyo. Ine ndinavomera kuti zikuyakadi. Amayi ako atafunsa madzulo kuti pawu wapserera bwanji anthu awiri muli pomwepo, ndinati ndinatanganidwa. Anandiyang'ana, kenako anati nkhumba za azakhali ako zidya bwino lero.

Nkhuni zija zinalibe mlandu. Pawu ameneyo ndinamupsereza ndine, mwadala, kuti ndidziwe. Kunali bwino apserere kuno, pa uvuni wa bambo ako, kusiyana ndi ku Mocuba pa uvuni wa eni ake.

Sindikunena izi kuti uchite manyazi. Mwana amene anapeza yekha njira yomvera belu ndi maso si wopusa, ndipo ntchito yako pa mtanda imaposa yanga pa msinkhu umenewo. Koma njira imeneyo ili ndi ine m'kati mwake, ndipo ine sindikwera nawo minibasi ya shapa mawa. Ku Mocuba kudzakhala anthu ena, a manja ena, amene sapukuta pa epuloni belu asanalire. Ukanatenga kandimu ukanakaika pa shelefu, kakanalira kamodzi m'phokoso la makina, n'kukhala chete, iwe ukuumba.

N'chifukwa chake Lachiwiri ndinakwera njinga kuwoloka malire. Ndinayenda m'masitolo angapo ndikufunsa kawotchi kakukhitchini kamene sikangolira kokha. Mnyamata wa sitolo ina ananditulutsira mitundu itatu, ndipo ine ndinkakana uliwonse, mpaka anandifunsa kuti, "Madala, mukufuna kophikira kapena kodzutsira akufa?" Ndinati chapakati pomwepo. Anapita kuseri n'kubwera ndi kamene kali m'chikwama chakoko. Nthawi ikakwana kamachita zinthu zitatu: kamalira, kamaphethira kanyale kofiira, ndiponso kamanjenjemera. Ndipo sikasiya mpaka utakadina. Ndinakayesa m'sitolo momwemo, ndinakaika m'thumba la shati, n'kutseka makutu onse ndi zala. Kananjenjemera pa chifuwa ngati chiwala chogwidwa m'manja. Onyamula katundu amene anaima pakhomo anaseka poona mkulu wa imvi atatseka makutu pakati pa sitolo, koma ine ndinali nditapeza chimene ndinadzera.

Kumbuyo kwake kuli kopanira. Uzikapanira pa lamba wa epuloni, pamwamba, pafupi ndi phewa, pamene thupi limamva msanga. Osati m'thumba la m'munsi, mmene mumakhala nsalu zopukutira, chifukwa kunjenjemera kumathera mu nsaluzo. Osati pa tebulo. Pa thupi pako. Ndipo ndibwereze: ukadina, ona kaye kuti manambala akutsika.

Komabe kawotchi ndi ka uvuni basi. Sikadzakuuza kuti mayi aja akukuitana kuchokera kumanzere. Sikadzakuuza kuti mnzako akubwera kumbuyo ndi thireyi yamoto akukuuza kuti upatuke. Ukukumbukira mayi uja wogulitsa nyemba amene anasiya kugula kwa ife? Anauza amayi ako ku tchalitchi kuti mwana wanu ndi wamwano, ndamupatsa moni katatu osayankha. Anali ataima kumanzere kwako. Amayi ako atamufotokozera anachita manyazi, ndipo mpaka lero amakubweretsera mapeyala. Munthu amene sakudziwa za khutu lako sadzaganiza za khutu. Adzaganiza za mwano, kapena ulesi, ndipo pa zifukwa ziwirizi anthu amachotsedwa ntchito msanga kuposa pa pawu wopserera.

Tinakambapo kamodzi nkhani imeneyi, tikuchokera kogula ufa. Ndinakufunsa ngati udzawauze. Unati, "Akadziwa andibweza, bambo. Atsikana a makutu awiri ku Mocuba ndi ambiri." Sindikanakulonjeza kuti sadzakubweza. Ngakhale lero sindingakulonjeze. Mayiwo ndawaona tsiku limodzi lokha, pa ukwati, ndipo munthu pa ukwati amakhala wina. Mwina ndi oleza mtima, mwina ayi.

Chimene ndikudziwa ndi chakuti adzadziwabe. Khitchini ndi malo opanikizana, ndipo chinthu chotere sichibisika mwezi wathunthu. Chimene chili m'manja mwako ndi chakuti adziwe bwanji. Akhoza kumva kwa iwe m'mawa woyamba, uli chilili, kawotchi kali pa phewa, ukuwaonetsa kuti vuto ukulidziwa ndipo wabwera ndi njira yake. Kapena akhoza kudzazindikira okha sabata yachitatu, atakuitana kangapo osayankhidwa, anzako atayamba kale kunong'onezana. Pa njira yoyamba adzaona mtsikana wodziwa kudzikonzekera. Pa yachiwiri adzaona mtsikana amene anawabisira, ndipo adzayamba kudzifunsa kuti wabisanso chiyani.

Sipafunika mawu ambiri. Chipwitikizi umachidziwa kuposa ine, udzawasanja wekha. Ungowauza kuti khutu lamanzere silimva, kuti akafuna kukulankhula aime kumanja kapena akukhudze pa mkono, ndiponso kuti za uvuni asade nkhawa chifukwa uli ndi kawotchi kako. Ukatero uvale epuloni, upemphe ufa, manja ako anene zotsalazo. Uwauze usanavale epuloni, osati pambuyo. Ukadikira kuti upeze mpata wabwino, mpatawo sudzapezeka, ndipo tsiku lililonse lodutsa lidzakulitsa mawuwo mpaka adzakanika kutuluka.

Akakubweza chifukwa cha zimenezo, ubwere. Uvuni uli pano, ogula akukudziwa, ndipo padariya ku Zambezia si imodzi. Sindidzakufunsa mafunso pa chipata. Koma ndikadakonda kuti ngati ubwerera, ubwerere utanena zoona tsiku loyamba, osati utachotsedwa pa mlandu wa mwano umene ulibe.

Zina zonse amayi ako akuuza kale, za tchalitchi, za anyamata, za kutseka chitseko. Ine gawo langa ndi lomweli. Usaike kawotchi pa moto. Batire lapadera lisasowe. Ona manambala usanatembenuke. Ndipo uwauze mayiwo.

Sindingakukakamize. Ukakwera shapa mawa, pakamwa ndi pako. Kalatayi ndikupatsa lero lomwe ukangobwera kwa azakhali ako, osati pokwera, kuti ngati ukwiye nane chifukwa cha thireyi ija ukwiye tidakali pakhomo limodzi, ndiponso kuti ukhale ndi usiku wonse woganiza. Mawa ndidzakuperekeza pa siteji, chikwama chili pa njinga. Pa njira sindidzayambitsa nkhaniyi. Ndidzangoyenda kumanja kwako, kuti ukafuna kundiuza chimene wasankha, yankho langa ulimve.

Ndine bambo ako.